Ndani amalipirira wanzeru wosauka? Mbiri ya basale ndi sikolashipu m'Zambia

Roma, Kalundu ndi Ng'ombe ndi madera oyandikana, ndipo onse ali kufupi ndi University of Zambia (UNZA), pa msewu wa Great East. Eni nyumba ambiri kumeneko anagawa zipinda n'kuikamo mabedi osanjikiza kuti azichititsa lendi ana a pa yunivesite. Mwezi ukamapita kumapeto, funso limene limamveka kwambiri m'zipinda zimenezi ndi lakuti, "Kodi BC yalowa?" BC ndi chidule cha Bursaries Committee, komiti imene inathetsedwa kale, koma dzina lake linakanirira pakamwa pa ophunzira potchula ndalama zimene boma limawapatsa.

Ndalama zimenezo n'za digiri yoyamba. Wofuna kupitiriza kuti atenge mastazi kapena PhD nkhani yake ndi ina, ndipo kuti tiimvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo, dziko lino likadali Northern Rhodesia.

Kunalibe yunivesite

M'nthawi ya atsamunda kuno kunalibe yunivesite. Ngakhale sekondale ya ana achikuda inachedwa: Munali, mu Lusaka, inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Wokhoza bwino ankayenera kuwoloka malire, kupita ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena ku Salisbury, kumene koleji ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inayamba kuphunzitsa mu 1957. Panalibe kholo la kumudzi limene likanakwanitsa ulendo wotero ndi ndalama za m'thumba. Popanda amishoni, boma kapena dziko lina lokugwira dzanja, sukulu inkathera pomwepo.

Atsogoleri ambiri a nkhondo ya ufulu anadzera njira imeneyi. Harry Mwaanga Nkumbula anapita ku Makerere, kenako ku London, m'zaka za m'ma 1940. Simon Mwansa Kapwepwe anapita ku India mu 1950 pa sikolashipu, ndipo anakhala kumeneko zaka zinayi. Koma mwayi unali wa anthu owerengeka. Pamene mbendera ya Zambia inkakwezedwa pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi nzika pafupifupi 100 zokha zokhala ndi digiri.

Thumba la maphunziro apamwamba linalipo ndithu, koma linali m'manja mwa anthu amene analemera ndi migodi ya kum'mwera kwa Africa. Cecil Rhodes, mwini dzina limene dziko lino linkadziwika nalo, anamwalira mu 1902 n'kusiya chuma cholipirira achinyamata ku Oxford. Mnzake Alfred Beit anamwalira mu 1906, ndipo chuma chake chinabala Beit Trust, imene mpaka lero imathandiza Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Kwa zaka zambiri malo a Rhodes a chigawo chino ankagwera ana a azungu, ndipo akazi sankaloledwa n'komwe kufikira 1977.

Yunivesite ya nkhuku ndi mbuzi

Mu 1963 komiti yotsogoleredwa ndi Sir John Lockwood inalangiza kuti dziko lino likhale ndi yunivesite yakeyake. Lamulo linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mu Malichi 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway. Kenneth Kaunda anakhala Chansela woyamba, John Mwanakatwe ali nduna ya zamaphunziro. Chimene akuluakulu amakumbukira kwambiri ndi m'mene anthu wamba anasonkhera: ogwira ntchito m'migodi anapereka kuchokera pa malipiro awo, alimi anapereka nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga. Ankangokhulupirira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Masiku amenewo funso lakuti tithandize wanzeru kapena wosauka silinkavuta. Pafupifupi aliyense wofika pa yunivesite anali wanzeru ndiponso wosauka, ndipo boma linkasowa madokotala, aphunzitsi, maloya ndi mainjiniya oti alowe m'malo mwa azungu. Mkuwa unkagulidwa bwino. Wosankhidwa ankalipiriridwa zonse: fizi, pogona, chakudya ndi mabuku. Mu 1973 boma linakhazikitsa Bursaries Committee kuti iziyendetsa ntchitoyi. Levy Mwanawasa, Edgar Lungu ndi Hakainde Hichilema onse anadutsa pa yunivesite imeneyi, ndipo a Hichilema amanena poyera kuti basale ya boma ndi imene inawachotsa kumudzi ku Monze.

Maphunziro opitirira digiri yoyamba ankachitika kwambiri kunja. Yunivesite inali ndi dongosolo lotenga ophunzira ake okhoza bwino n'kuwatumiza ku Britain, America kapena Canada kuti akatenge mastazi ndi PhD, pa mgwirizano woti akabwera adzaphunzitse. Sikolashipu za Commonwealth, zimene zinayamba mu 1959, ndi za Fulbright za ku America zinathandiza ambiri. Mayiko a kum'mawa nawonso anatsegula makomo, ndipo Nkandu Luo ndi mmodzi mwa amene anaphunzira ku Moscow. Mu 1978 Lucy Sichone, amene anaphunzira zamalamulo pa UNZA, anakhala mkazi woyamba wa m'Zambia kulandira sikolashipu ya Rhodes. Atabwerera anakhala loya womenyera ufulu wa anthu wamba mpaka imfa yake mu 1998, ndipo mu 2015 chithunzi chake chinapachikidwa ku Rhodes House ku Oxford.

Basale isanduka ngongole

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri, mafuta atakwera kale mtengo. Boma linayamba kubwereka, ngongole inakula, kwacha inafooka. Ophunzira ankachulukirachulukira, Copperbelt University inatsegulidwa mu 1987, koma thumba linali lomwe lija. Aphunzitsi ambiri amene dziko linawaphunzitsa kunja anasamukira ku Botswana, Namibia, South Africa ndi kutsidya la nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mawu oti makolo azigawana mtolo ndi boma anayamba kumveka, ndipo ndondomeko ya zamaphunziro ya 1996 inatsimikiza zimenezo.

Kuyambira 2004 thandizo la boma linasanduka ngongole, ngakhale kuti kwa zaka zambiri panalibe wobweza, chifukwa komiti ija inalibe mphamvu zolondola anthu. Lamulo la 2016 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mu 2018 anthu amene anapindula kuchokera mu 2004 anayamba kudulidwa pa malipiro awo. Mu 2019 boma linachotsa ndalama ya chakudya, a Luo ali nduna, ponena kuti likufuna kufikira ophunzira a m'mayunivesite ena a boma. Ana a osauka ndi amene anamva kuwawa, ndipo ndalamayo inabwezeretsedwa mu 2023.

Apa ndi pamene nzeru ndi umphawi zinayamba kuyesedwa padera. Bungweli limayang'ana mapointi a Giredi 12, komanso limasunga malo a atsikana, a ochokera kumidzi ndi a olumala. M'munsi mwa yunivesite zinthu zasinthanso: kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka Giredi 12, ndipo m'chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, mbali ina n'kukhala ya basale za sekondale zogonera komweko ndi za maphunziro a ntchito zamanja.

Pamwamba pa makwerero

Kusintha konseku sikunafike kwenikweni pa mastazi ndi PhD. Ambiri amene akuchita maphunziro amenewa pa UNZA, pa University of Lusaka kapena kwina ndi anthu apantchito odzilipirira okha, ophunzira madzulo kapena kumapeto kwa sabata, ena atatenga ngongole ku banki. Wopanda ntchito amayang'ana kunja: malo awiri a Rhodes pa chaka, Beit, Commonwealth, Fulbright, Chevening imene inayamba mu 1983, kapena malo amene mayiko monga China, Russia, India, Algeria ndi Morocco amapereka kudzera ku boma.

Zambiri mwa izi zimati zimasankha potengera luso. Koma luso limaoneka papepala, ndipo pepala lili ndi mtengo. Pamafunika pasipoti, mayeso a Chingerezi olipira, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi okudziwa, intaneti yodalirika, ndi nkhani yolembedwa bwino yofotokoza zolinga zako. Chevening imafunanso kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri. Mwana wokulira ku Roma, Kabulonga kapena Woodlands amakhala ndi azakhali kapena amalume amene anadutsamo kale, omuuza nthawi yofunsira ndi zoyankha pamaso pa osankha. Mnzake wa ku Ng'ombe, amene anamaliza digiri akugona pa bedi limodzi ndi mnzake ndiponso akugulitsa tinthu kuti adye, angakhale ndi mutu wakuthwa chimodzimodzi, koma magiredi ake amanyamula zipsera za njala, ndipo akangomaliza abale onse akumuyang'ana kuti ayambe kuthandiza. Ali ndi ngongole ya digiri yoyamba pamsana. Nthawi zambiri safunsira n'komwe.

Pali vuto linanso. Wolipira ndi amene amasankha zoti ziphunziridwe. Ngati ndalama zonse za kafukufuku zichokera ku London, Washington kapena Beijing, mafunso a chimanga, a madzi a m'makomboni, a mkuwa ndi a zilankhulo zathu amayankhidwa pokhapokha mlendo atawaona kuti ndi ofunika.

Anthu amene anapereka nkhuku ndi mbuzi m'zaka za m'ma 1960 anamangira dziko digiri yoyamba. Gawo lotsala ndi la m'badwo uno. Boma, makampani a migodi, mabanki, mipingo ndi onse amene anaphunzira ndi basale ayenera kusonkha thumba la m'dziko momwe muno la mastazi ndi PhD, loyang'ana magiredi komanso kumene munthu wachokera. Inu amene munadutsa pa UNZA osalipira ngwee, yambani ndinu.