Phrasal verb: mneni wa Chingerezi woyenda ndi kamawu

Phrasal verb ndi dzina limene akatswiri a galamala ya Chingerezi amapatsa mneni amene amayenda ndi kamawu kamodzi kapena timawu tiwiri, zonse pamodzi n'kupereka tanthauzo limodzi. Kamawuko kamakhala muonjezi, monga "up", "down", "out", "off" ndi "away", kapena mperekezi, monga "at", "for", "after" ndi "into". Kawirikawiri tanthauzo la gulu lonselo silipezeka pomasulira liwu lililonse palokha. "Give" ndi kupatsa, "up" ndi m'mwamba, koma "give up" ndi kugonja kapena kuleka chinthu. N'chimodzimodzi ndi kupsa mtima m'Chichewa: palibe moto umene wayaka, ndipo palibe chiwalo chimene chanyeka.

Mitundu itatu

Buku lalikulu la galamala lotchedwa A Comprehensive Grammar of the English Language, limene Randolph Quirk, Sidney Greenbaum, Geoffrey Leech ndi Jan Svartvik anatulutsa mu 1985, limagawa aneniwa m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la mneni ndi muonjezi. Ena mwa aneni otere safuna pamtherankhani: galimoto ikafa panjira amati "the car broke down". Ena amafuna pamtherankhani, monga "turn off the light", kuzimitsa nyali. Gulu lachiwiri ndi la mneni ndi mperekezi, monga "look after", kusamalira, ndi "run into", kukumana ndi munthu mosayembekezera. Gulu lachitatu limatenga zonse ziwiri, muonjezi patsogolo, mperekezi pambuyo pake: "put up with", kupirira; "run out of", kutheredwa chinthu; "look forward to", kudikira mwachidwi. Akatswiri ena amasunga dzina la phrasal verb pa gulu loyamba lokha, pamene mabuku ambiri ophunzitsira amaliika pa magulu onse atatu.

Kusiyanitsa muonjezi ndi mperekezi

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mtundu wa kamawuko ndi umene umalamula dongosolo la mawu m'chiganizo. Mayi wouza mwana kuti azimitse nyali akhoza kunena "turn off the light" kapena "turn the light off", zonse n'zolondola. Muonjezi amasuntha. Koma mayiyo akangoika mlowam'malo pamalo pa nyaliyo, njira imatsala imodzi: "turn it off". Kunena kuti "turn off it" n'kulakwitsa. Pamtherankhani akakhala wa mawu ambiri, muonjeziyo amakonda kukhala pafupi ndi mneni wake kuti womvera asataye ulusi wa chiganizo.

Mperekezi ndiye sasuntha. Amakhala patsogolo pa dzina limene akuperekeza, likhale dzina lenileni kapena mlowam'malo. Motero amati "look after the baby" ndi "look after her", osati "look her after".

Vuto ndi lakuti timawu tina, monga "up", "on", "in" ndi "over", timagwira ntchito zonse ziwiri. Mu "he ran up the hill", munthu wathamanga kukwera phiri, ndipo "up" ndi mperekezi wosonyeza kumene walowera. Mu "he ran up a bill", munthu waunjika ngongole, ndipo "up" ndi muonjezi womatirira kwa mneni. Ziganizozi zimaoneka ngati mapasa, koma zikayesedwa zimapatukana. M'choyambacho mutha kulowetsa liwu lina pakati n'kunena "he ran quickly up the hill"; m'chachiwiricho sizitheka. Za phiri amati "he ran up it", za ngongole amati "he ran it up". Khutu limathandizanso: muonjezi amatchulidwa motsindika, pamene mperekezi nthawi zambiri amatchulidwa mopepuka.

Zimene timawuti timanyamula

Aneni ambiri a mtundu uwu amachokera ku mawu afupiafupi a tsiku ndi tsiku: "get", "go", "come", "put", "take", "give", "set" ndi "bring". Mneni mmodzi amabereka matanthauzo ochuluka. "Take off" ndi kuvula chovala, ndi kunyamuka kwa ndege, ndiponso kuyamba kuyenda bwino kwa malonda.

Komabe timawuti sitibwera mwachisawawa. "Up" kawirikawiri amasonyeza kutsiriza: "eat" ndi kudya, "eat up" ndi kudya zonse osasiyako. "On" amasonyeza kupitiriza, monga mu "carry on". "Out" amasonyeza kutuluka, kuonekera kapena kuzima, ndipo "off" amasonyeza kuchoka kapena kudula. Ntchito yotere Chichewa chimaigwira mkati mwa mneni mwenimwenimo, pomusintha kumapeto: kudya n'kukhala kudyeratu, kutseka n'kukhala kutsekula, kumata n'kukhala kumatula. Chingerezi chimaika kamawu padera, n'chifukwa chake kamatha kutalikirana ndi mneni wake.

Mbiri

Chingerezi chili pa chibale ndi Chijeremani ndi Chidatchi, zinenero zimene nazonso zili ndi aneni okhala ndi kachigawo kopatuka. M'Chingerezi chakale kachigawoko nthawi zambiri kankamatidwa kumayambiriro kwa mneni, ndipo zotsalira zake zikumvekabe mu "understand", "forgive" ndi "withstand". M'kupita kwa zaka kamawuko kanayamba kubwera pambuyo pa mneni. N'chifukwa chake lero pali mawu omangidwa ndi zidutswa zofanana koma a matanthauzo osiyana: "overtake" ndi kupitirira mnzako pamsewu, "take over" ndi kulanda kapena kutenga udindo.

Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa ndi Chilatini analowa m'chinenerochi. Zotsatira zake n'zakuti ganizo limodzi limakhala ndi mawu awiri: "put off" ndi "postpone", "find out" ndi "discover", "put up with" ndi "tolerate". Oyambawo ndi a pocheza, achiwiriwo amakonda kupezeka m'makalata a ntchito ndi m'zolemba za malamulo.

Samuel Johnson, m'mawu oyamba a mtanthauziramawu wake wa mu 1755, anaona kuti aneni otere ndi amene amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Dzina lakuti phrasal verb linafala kudzera mwa Logan Pearsall Smith m'buku lake la Words and Idioms la mu 1925, ndipo mu 1971 Dwight Bolinger analemba buku lathunthu pa nkhaniyi, The Phrasal Verb in English.

Masiku ano

Aneniwa akuberekanabe. Makompyuta ndi mafoni abweretsa "log in" ndi "scroll down". Ena amasanduka mayina, ndipo kutsindika kumasamukira ku chigawo choyamba, monga "breakdown" ndi "takeoff". Palinso kusiyana kwa madera: ku Britain amakonda kunena "fill in a form" pamene ku America amakonda "fill out a form".

Kwa wophunzira, njira yodalirika ndi kugwira mneni ndi kamawu kake ngati liwu limodzi, mkati mwa chiganizo chathunthu chokhala ndi mlowam'malo. Amene wasunga "turn it off" ndi "look after her" wasunga tanthauzo pamodzi ndi lamulo la kasanjidwe kake.