Nyumba za Akhristu ku Marabastad

Kumadzulo kwa mzinda wa Pretoria kuli dera lotchedwa Marabastad, limene boma la Transvaal linapatula m'chaka cha 1888 kuti mukhale anthu akuda ogwirira ntchito Azungu. Dzinali linachokera kwa mfumu Maraba. Amuna a ku Nyasaland amene ankapita ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena pa selefu, sanathere onse m'migodi ai. Ambiri anali ophika ndi osamala maluŵa pa nyumba za Azungu, ndipo moyo wa m'makomboni otere anaudziŵa bwino.

Nyumba za kumeneko zinali za malata, zothinana, ndipo mwini banja analibe mphamvu pa khomo lake lomwe. Lamulo la m'chaka cha 1923 linati munthu wakuda akhale m'tauni pokhapokha ali wofunika pa ntchito ya Mzungu, ndipo apolisi ankatha kugogoda usiku kufunsa pasi. Es'kia Mphahlele, amene anakulira kumeneko, anafotokoza m'buku lake la 1959, Down Second Avenue, za agogo ake opembedza, za zovala za Azungu zimene amai a pakhomo ankachapa, ndi za moŵa wofulidwa mobisa kuti ana apite ku sukulu.

Apa mpamene chiphunzitso cha kumvera chinayesedwa ndi moto. Mwana anaphunzitsidwa kuchokera pa Aefeso 6 kuti amvere akumbala, ndipo akumbalawo anaphunzitsidwa kuchokera pa Aroma 13 kuti amvere olamulira. Nanga mwana amene amake amuimika pa mseu kuti achenjeze apolisi akamabwera, amvere yani? Mpingo unaletsa moŵa, ndipo unachita bwino, pakuti moŵa unapasula mabanja ambiri. Koma nkosavuta kuweruza mai wotere pamene woweruzayo ali ndi nkhokwe yodzaza kumudzi.

Funso lomweli linafikanso kwa abusa. Mbusa Mangena Mokone wa mpingo wa Wesleyan anatumikira mokhulupirika zaka zambiri ku Pretoria, koma poona kuti abusa akuda aikidwa pa msonkhano wawokha, kutali ndi abale awo achizungu, anatula udindo m'chaka cha 1892 nayambitsa Ethiopian Church, dzina lochokera pa Masalmo 68:31. Tchalitchi chake chinatsegulidwa ku Marabastad m'chaka cha 1893. Kugaŵa mpingo si chinthu chotamandika, ndipo zipatuko zambiri zimene zinatsatira zinabadwa ndi kukonda ukulu basi. Komabe munthu woŵerenga Machitidwe 5:29 moona mtima sangathe kunena msanga kuti Mokone anali wosamvera.

Chodabwitsa nchakuti ntchito yakeyo inakula chifukwa cha kalata ya pachibale. Mtsikana wina wa m'banja lawo, Charlotte Manye, anapita ku America ndi gulu la oimba, ndipo gululo litasoŵa ndalama, mpingo wa African Methodist Episcopal unamlandira ndi kumuika pa sukulu ya Wilberforce. Ali kutali chomwecho, sanaiŵale kwawo: analembera mbale wake Katie za mpingo woyendetsedwa ndi anthu akuda okhaokha. Mokone atamva za m'kalatamo analembera Bishopu Henry Turner m'chaka cha 1895, ndipo m'chaka cha 1896 mipingo iŵiriyo inagwirizana. Mtsikanayo ndiye anadzatchuka ndi dzina la Charlotte Maxeke.

Nkhaniyi inafika mpaka ku Kasungu, ndipo inayendanso m'njira ya chibale. Hanock Msokera Phiri, wophunzira wa ku Livingstonia, analoŵa mpingo wa A.M.E. ali ku South Africa pamodzi ndi mnyamata amene ankamyang'anira monga malume ake, Hastings Kamuzu Banda. Phiri anabwerera kwawo m'chaka cha 1924 ali mbusa wa mpingowo, ndipo m'chaka cha 1925 mpingo womwewo unathandiza mnyamatayo kupita ku Wilberforce. Mwambo wa Achewa wakuti malume ndiye nkhoswe ya ana a mlongo wake unasungidwa pa ulendo, pamene ambiri anautaya.

Pakuti ambiri anautayadi. Mawu akuti "mchona" anabadwa ndi misozi ya akazi amene anadikira zaka khumi osalandira kalata ngakhale nsalu, ndipo mabwalo a akulu a mpingo kuno kwathu anavutika ndi milandu ya akazi ofunsa ngati ali omasuka kukwatiŵanso. Mwamuna amene ankatumiza ndalama ya msonkho ndi ya sukulu mwezi ndi mwezi, nakana kutenga mkazi wina ku komboni, analibe mkulu wa mpingo womuona. Mboni yake inali kalata yofika ku positi ofesi ya kwawo.

Kuyambira m'chaka cha 1940 boma linayamba kusamutsa anthu akuda a ku Marabastad kupita ku Atteridgeville, ndipo m'zaka za m'ma 1960 linasamutsanso Makaladi kupita ku Eersterust ndi Amwenye kupita ku Laudium. Nyumba zambiri zinagwetsedwa. Derali linasanduka la misika ndi malo okwerera basi.