Chifukwa chake mapanga a ku Mphunzi sanasanduke groto

Mpingo wa Katolika ndi mapanga anadziwana kalekale. Ku Bethlehem, tchalitchi choyamba chinamangidwa m'zaka za m'ma 300 pamwamba pa phanga limene amati Yesu anabadwiramo. Ku Lourdes, m'dziko la France, mtsikana Bernadette Soubirous ananena kuti Amayi Maria anamuonekera maulendo 18 m'phanga la Massabielle mu 1858, ndipo mpaka lero anthu miyandamiyanda amapitako kukapemphera. Groto zamiyala ndi simenti zimene timaona pa maparishi athu, pomwe akhristu amasonkhana kupemphera korona, zimatengera phanga limenelo. Nanga bwanji mapanga enieni a ku Mphunzi ku Dedza, amene makolo ankawalemekeza amishoni asanabwere, sanasanduke malo a maulendo a mapemphero?

Yankho lapafupi ndi lakuti dera la Mphunzi linali la Adatchi. Mishoni ya kumeneko inatsegulidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed mu 1903, ndipo mpingo umenewu sulabadira zifanizo kapena malo oyera. Ansembe a White Fathers anali atakhazikika ku Mua mu 1902, kumunsi kwa mapiri chakunyanja. Koma chifukwa chachikulu chili m'mapangamo. Phanga la ku Lourdes limafuna khamu, pomwe la ku Mphunzi linali la chinsinsi. Zojambula zofiira za pamakoma a mapangawa, zimene akatswiri amati ndi za Akafula, n'zakale zedi. Zoyera anajambula ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali, pamene anamkungwi ankalangiza atsikana kutali ndi maso a amuna. Zina ndi zilombo za nyau, zimene ofufuza ena amati zinajambulidwa pa nthawi imene Angoni, amishoni ndi atsamunda ankapondereza gule. Kuika guwa pamalo otere kukanakhala kulanda malo a anthu amene anathawirako pothawa amishoni.

Wina angatsutse kuti chinsinsicho chinatha kale. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zojambula kuphatikizapo a ku Mphunzi, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo alendo amakwera phiri kukaona. N'zoona, koma mlendo amaona utoto pathanthwe basi. Tanthauzo lake lili ndi amene analowa chinamwali kapena kudambwe, ndipo iwo sauza wongodutsa. Kuchuluka kwa mapazi kulinso ndi vuto lake: maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula awononga kale malo ena a ku Chongoni, ndipo utsi wa makandulo a khamu lopemphera sukanasiya chilichonse pakhoma.

Akatolika a ku Dedza anapeza njira ina. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni ku Mua, komwe anasonkhanitsa zigoba za gule wamkulu ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pa mishoni yomweyo imene ansembe oyamba ankalimbana ndi nyau. Amene akufuna kupemphera korona ali ndi groto kuparishi kwawo, ndipo mapanga a ku Mphunzi akadali m'manja mwa midzi yozungulira phirilo ndi nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale.