Kuwerenga mosadodoma

Kudodoma ndi kuimaima poyankhula chifukwa chokayika kapena kusowa chonena. N'kosiyana ndi chibwibwi: mwana wachibwibwi akhoza kuwadziwa bwino mawu amene akuwerenga. Wododoma powerenga ndi uja amagwira phatikizo lililonse palokha, "chi-ma-nga", mpaka kufika kumapeto kwa chiganizo ataiwala poyambira.

Tikati mwana akuwerenga mosadodoma, tikunena kuti amatchula mawu molondola, pa liwiro lofanana ndi mmene amayankhulira, akupuma pa mpatuliro ndi pa mpumiro, komanso akusintha mawu pa funso. Ambiri amaganiza kuti ndi kuthamanga basi. Ayi ndithu. Wothamanga osamva zimene akuwerenga sanafikepo.

Luso limeneli limakula ndi kubwereza. Mphunzitsi awerenge kankhani mokweza, kenako awerenge limodzi ndi ana, pomaliza ana awerengerane awiriawiri kankhani komweko kangapo. Kuwerenga kwa chigulu kokha n'kosakwanira, pakuti m'kalasi la ana ochuluka ena amangoyendetsa milomo potsatira anzawo.

Aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, tsiku lililonse imirirani pafupi ndi ana angapo, mumve aliyense akuwerenga payekha.