Ndondomeko ya luso la makompyuta m'mabungwe a malonda: zoyenera kudziwa ku Mvera ndi madera ozungulira

Ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka luso la makompyuta ndi chikalata chomwe bungwe, kampani kapena nthambi ya boma imalemba pofuna kulongosola ntchito zomwe makina adzagwire m'zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazo, ndalama zomwe zidzafunike, anthu omwe adzayendetse makinawo, komanso zoyenera kuchita pa tsiku limene makinawo adzasiye kugwira ntchito. Chikalatachi chimasiyana ndi mndandanda wa katundu wofunika kugula. Mndandanda umangonena kuti pakufunika makompyuta asanu ndi makina osindikizira, pamene ndondomeko imayamba yafunsa kuti ndi ntchito iti yomwe ikuchedwa, ndalama za bungwe zikutayikira pati, ndipo kodi makina ndiwo angathetse vutolo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri dera la Mvera, lomwe lili m'mbali mwa msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, kwa Mfumu Yaikulu Chiwere m'boma la Dowa. Derali lidatchuka kuyambira m'chaka cha 1889 pamene Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikitsapo mishoni. Lero malonda a kumeneko, monganso a m'mapiri a Ntchisi, amatsamira pa ulimi wa fodya, mtedza, soya ndi chimanga, ndipo amayendetsedwa ndi makopaletivi a alimi, magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ogula mbewu ndi sitolo zogulitsa zipangizo zaulimi. M'zaka za ulamuliro wa Dr Lazarus Chakwera, womwe udatha mu 2025, bungwe la MACRA lidalengeza maganizo omanga mzinda wa luso lamakono ku Mvera, wotchedwa Mvera Innovation City. Komabe mabungwe ang'onoang'ono a m'derali akugula kale mafoni, makompyuta ndi mapulogalamu, ndipo phindu kapena kutayika kwa ndalama zawo kukudalira momwe akukonzera mapulani awo panopa.

Boma la Dowa lili ndi chitsanzo chake chakale. Kuyambira mu Disembala 2006 mpaka mu Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide, ndi thandizo lochokera ku boma la Britain, lidapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja pafupifupi 11,000 a kumpoto kwa bomali omwe mbewu zawo zidapserera ndi ng'amba. Ntchitoyi inkatchedwa Dowa Emergency Cash Transfer, ndipo ndalamazo zinkadzera ku banki ya Opportunity International Bank of Malawi. Olandira, omwe ambiri adali amayi, adapatsidwa makhadi osunga chidindo cha chala, ndipo galimoto ya banki inkapita kukawalipirira kufupi ndi midzi yawo.

Chofunika kuona pa ntchitoyi n'chakuti makina adasankhidwa potsatira mavuto omwe adali odziwika kale. Pa nthawiyo dziko lino lidalibe chiphaso cha unzika, anthu ambiri akumudzi sankatha kusaina dzina, ndipo banki idali kutali. Chidindo cha chala chidayankha mavuto awiri oyambawo, galimoto idayankha lachitatu. Patapita zaka zochepa zinthu zidasintha. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2017 boma lidalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika. M'chaka chomwecho banki ya Opportunity idagulidwa ndi First Merchant Bank, yomwe tsopano ndi First Capital Bank. Bungwe lomwe likadaumirira njira ya 2006 likadakhala likuwononga ndalama pa vuto lomwe lidapeza kale yankho lotchipa. N'chifukwa chake ndondomeko yotere imayenera kuunikidwa chaka ndi chaka ngakhale idalembedwa kuti igwire ntchito zaka zisanu.

Gawo lomwe olemba mapulani okhala m'tauni amakonda kulidumpha ndi la magetsi ndi netiweki. M'madera a mapiri netiweki imatha kugwira bwino pamsika n'kusowa m'chigwa chomwe chili pamtunda wochepa, ndipo nyumba zambiri zosungiramo mbewu zili kutali ndi mawaya a ESCOM. Ngakhale komwe kuli magetsi, sikuti amadalirika nthawi zonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kudapitirira mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, yomwe idayamba mu 2020, idaonetsanso vutoli poyera: pogula feteleza, chiphaso cha mlimi chinkayenera kutsimikizidwa kudzera pa netiweki, ndipo m'malo ambiri alimi ankadikira maola ochuluka, ena masiku, feteleza ali m'nyumba. Kopaletivi yomwe ikufuna kulemba masikelo a mtedza pa foni kapena pa kompyuta iyenera kufunsa wogulitsa pulogalamu ngati pulogalamuyo imagwira ntchito popanda netiweki n'kutumiza zolembazo pambuyo pake. Iyeneranso kuika mtengo wa sola ndi mabatire m'pulani yomweyo, ndi kusunga buku la malisiti lomwe kalaliki angatembenukireko makina akazima alimi ali pamzere.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo wogulira makina ndi gawo chabe. Pali ndalama zolipira chaka ndi chaka kuti pulogalamu ipitirire kugwira ntchito, ndalama za mabando a intaneti, za okonza makina omwe kawirikawiri amachokera ku Lilongwe, ndi zogulira makina ena akale akatha. Zambiri mwa izi zimawerengedwa m'ndalama zakunja. Pamene ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zotere idakwera pomwepo, pamene mlimi adali atagulitsa kale mbewu zake pa mtengo wakale. Makompyuta operekedwa ndi mabungwe othandiza amagwa m'vuto lomweli, chifukwa ntchito ya bungwelo ikatha sipakhala woti alipire. Si zachilendo kupeza makina otere atafundikidwa nsalu pakona ya ofesi.

Phunziro lalikulu pa nkhani ya anthu oyendetsa makina lidachokera ku boma lenilenilo. Kuyambira mu 2005 boma linkalipira ndalama kudzera mu pulogalamu ya IFMIS. Mu 2013 zidadziwika kuti ogwira ntchito ena ankalowetsa m'makinawo malipiro a kampani zomwe sizidagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta umboni wake. Lipoti la kampani yofufuza mabuku ya Baker Tilly, lomwe lidatuluka kumayambiriro kwa 2014, lidapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera pakati pa Epulo ndi Seputembala 2013, ndipo maiko othandiza adaimitsa thandizo lawo ku bajeti ya dziko lino. Nkhaniyi, yomwe imadziwika kuti Cashgate, idasonyeza kuti makina sateteza ndalama ngati munthu mmodzi ali ndi mphamvu zolemba malipiro, kuwavomereza ndi kuwafufuta, kapena ngati anthu akubwerekana nambala zachinsinsi.

M'kopaletivi ya mamembala mazana angapo vutoli limaoneka laling'ono koma n'lomwelo. Mlembi ndiye yekha amadziwa kompyuta, nambala ya foni yolandirira ndalama za gulu idalembetsedwa m'dzina lake, ndipo wapampando ndi msungichuma amangosaina pepala lomwe awasindikizira. Mlembiyo akasamuka kapena akayambana ndi komiti, mbiri ya ngongole za mamembala imapita naye. Ndondomeko yabwino imanena kuti ndani amalemba, ndani amavomereza, ndani amaona zonse osasintha kanthu, imafuna kuti anthu osachepera awiri aphunzitsidwe ntchito iliyonse, ndipo imalamula kuti zolemba zizikoperedwa sabata iliyonse n'kusungidwa pamalo ena osati mu ofesi momwemo.

Palinso funso la umwini. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaimitsa kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adalowerera makina a nthambiyo ndipo ankafuna dipo, lomwe boma lidakana kulipira. Izi zidachitika patadutsa zaka ziwiri boma litathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain yomwe inkayendetsa ntchito ya mapasipoti. Kwa bungwe lililonse, mgwirizano ndi wogulitsa pulogalamu uyenera kunena momveka kuti zolemba ndi za bungwe, kuti zingatulutsidwe m'njira yoti pulogalamu ina n'kuziwerenga, ndi kuti makiyi onse adzaperekedwa kwa eni ake mgwirizano ukatha. Mawu amenewa savuta kulemba musanasaine, koma amavuta kwambiri kuwapempha pambuyo.

Malamulo nawo ali ndi gawo lake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limavomereza zikalata ndi masaini a pa makina ndipo limapereka zilango kwa olowerera makina a ena. Lamulo la Data Protection la 2024 limafuna kuti aliyense wosunga mbiri ya anthu, monga maina, nambala za ziphaso za unzika ndi za foni, aisamale ndi kuigwiritsa ntchito pa zolinga zomwe adaitolera, ndipo MACRA ndiyo idapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Kopaletivi yomwe ili ndi kaundula wa mamembala ikukhudzidwa ndi lamuloli chimodzimodzi ndi banki. Magulu a SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi pansi pa lamulo la Financial Cooperatives la 2011, kotero pulogalamu yomwe angasankhe iyenera kutulutsa malipoti omwe bankiyo imafuna. Amalonda olembetsedwa pa msonkho wa VAT adayamba kugwiritsa ntchito makina otulutsa malisiti a MRA mu 2014, ndipo ayenera kufunsa ku MRA za njira yomwe ikufunika asanagule pulogalamu yowerengera katundu.

Kumbali ya boma, mfundo zoyendetsera lusoli zidalembedwa mu National ICT Policy ya 2013, mu Digital Economy Strategy ya 2021 mpaka 2026, ndi m'masomphenya a Malawi 2063 omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Zikalatazi zimafika kwa mlimi wa ku Mvera kudzera mwa alangizi a zaulimi, a ofesi ya zamalonda ya khonsolo ndi oyang'anira makopaletivi, omwe amakhalapo pamene gulu likulandira makina kapena kusaina mgwirizano. Iwowa ali ndi mwayi wofunsa ngati gulu lili ndi pulani, ngakhale ya masamba atatu, yolembedwa m'Chichewa ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wa mamembala onse.

Nthawi yoyambira njira yatsopano iyeneranso kulembedwa. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo kuyambira mu 2022, ndipo mwezi womwewo ndi pamene msika wa fodya ndi wa mbewu zina umayamba kutentha. Gulu lomwe lingasinthe kalembedwe ka mabuku ake pakati pa Epulo ndi Julayi limaika kalaliki wosazolowera makina patsogolo pa mzere wa alimi onyamula matumba. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, malonda atachepa ndipo ntchito yogawa zipangizo zaulimi isanayambe, ndiyo imapereka mpata wophunzitsa anthu ndi kuyesa makina pamodzi ndi mabuku akale mpaka ziwerengero za mbali zonse ziwiri zitagwirizana.