Mwala Wakuda wa ku Kasiya ndi Ubongo wa Munthu

Anthu a ku Kasiya ndi ku Nsaru, m'boma la Lilongwe, akhala akulima fodya ndi chimanga kwa zaka zambiri osadziwa chimene chidagona pansi pa mizere yawo. M'chaka cha 2019 kampani ya ku Australia, Sovereign Metals, idapeza rutile m'nthaka ya kumeneko, ndipo m'dothi lomwelo mudapezekanso graphite wochuluka zedi.

Graphite ndi uja wakuda wa m'kati mwa pensulo, amene ambiri amamuyesa mtovu. Mbiri yake ndi yaitali, koma idafika pokoma mu 2004. Chaka chimenecho Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, ku Manchester, ankamata tepi pa graphite namatula mobwerezabwereza mpaka kudatsala kachigamba kopyapyala, kochindikala ngati atomu imodzi yokha. Kachigambako ndiko graphene. Ntchito yooneka ngati masewera a ana imeneyi idawapatsa mphotho ya Nobel mu 2010.

Nanga ubongo ukubweramo bwanji? Minyewa ya m'ubongo imatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timadzi tina, ndipo tina mwa ito ndi dopamine. Arvid Carlsson wa ku Sweden ndiye adaonetsa ntchito yake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Dopamine akachepa, munthu amanjenjemera manja ndi kuuma thupi, nthenda ija ya Parkinson. Mu 1973 Ralph Adams wa ku Kansas adalowetsa kachipangizo ka kaboni m'ubongo wa khoswe, poti dopamine akakhudza kaboni amatulutsa kamphamvu ka magetsi koyezeka. Vuto lidali lakuti vitamini C, amene ndi wochuluka m'ubongo, amatulutsanso mphamvu yofananayo, motero chipangizocho chinkasokonezeka. Graphene, pokhala wotambalala ndiponso wodutsitsa magetsi msanga, amathandiza kusiyanitsa ziwirizi. Komabe zipangizo zoterezi zambiri zikadali m'manja mwa ofufuza, sizinafike m'zipatala.

Tisanamizane, graphite wa ku Kasiya akumufunira makamaka mabatire a galimoto zamagetsi, osati ubongo. Kampani ya Rio Tinto idagula gawo la Sovereign Metals mu 2023. Kwa mlimi, nkhani yagona pa munda. Mu 2024 Sovereign Metals idakumba dzenje loyesera, nilikwirira, kenaka pamalopo padadzalidwa chimanga kuti aone ngati nthaka yokumbidwa ingaberekenso.