Franklin ndi Maora a Mmisiri Wosindikiza

Pamene Benjamin Franklin anagula nyuzipepala ya Pennsylvania Gazette mu 1729, ali mnyamata wa zaka 23 mu mzinda wa Philadelphia, anazindikira kuti mmisiri wosindikiza, amene yekhayo ali mlembi, wogulitsa mapepala ndiponso wosunga kaundula wa ngongole, akapanda kuligawa tsiku lake adzafanana ndi pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma, icho chakoma. Chotero anadziikira lamulo lakuti adzuke 5 koloko mbandakucha nalingalire chimene chiyenera kutsogola, agwire ntchito maora 8, masana awerenge ndi kupenda ndalama zake, ndipo madzulo abwezere chinthu chilichonse pamalo pake.

Komatu, monga anavomera mwini wake atakalamba, mwa makhalidwe 13 amene anawafunafuna, dongosolo ndilo linamsautsa koposa. Pakuti wantchito wolembedwa angathe kusunga maora ake, koma mwini malonda alandira anthu pa nthawi imene iwo afuna, si imene iye wasankha ayi. Ine ndiyesa kuti kuvomera kumeneku n'kwa mtengo wopambana lamulo lija. Pomaliza, mu 1748, ali ndi zaka 42, Franklin anasiyira mmisiri mnzake, David Hall, ntchito yonse yosindikiza.